Ndemanga: mmene a MSF adatsekera chipatala cha Ebola cha ELWA 3 ku Monrovia

Chipatala cha matenti cha ELWA 3 chidatsegulidwa mu Ogasiti 2014 ku Paynesville, m'mphepete mwa mzinda wa Monrovia ku Liberia, pa malo a mishoni ya Eternal Love Winning Africa. Eni ake adali a Médecins Sans Frontières, a MSF omwe aja ambiri timawadziwira ku Thyolo ndi ku Chiradzulu. Adachikuza mpaka mabedi 250, ndipo chipatala cha Ebola chachikulu chotere chidali chisadamangidwepo kwina kulikonse. Ngakhale zidali choncho, mu Seputembala chaka chomwecho odwala ankabwezedwa pageti chifukwa malo adatha. Za miyezi yowawayo zidalembedwa kwambiri. Zomwe sizikambidwa kawirikawiri ndi katsekedwe kake, kuyambira Januwale 2015 pomwe matenti oyamba adagwetsedwa, kufika mu Meyi pomwe gawo lotsala lidaperekedwa ku Unduna wa Zaumoyo wa Liberia. Kutseka nako ndi ntchito yomwe bungwe limagwirira dziko lomwe lidalilandira, ndipo ndi ntchito imeneyo ikuunikidwa pano.

Kuona kwanga n'kotere. Pa nthawi yotsekera ndi pa kuphwasula malo, a MSF adagwira ntchito yoti mabungwe ena azitengera. Pa kusankha chowasiyira anthu a ku Monrovia adaganiza bwino kuposa anzawo ambiri. Koma pa anthu omwe adachira ndi pa ogwira ntchito a komweko, thandizo lidatha msanga, matenda asadathe nawo. Vuto limeneli silidali la MSF yokha, komabe iwo ndi omwe adali ndi luso loliona likubwera.

Choyamba ndi nthawi. Ebola imatha kubisala m'thupi masiku 21 munthu asadayambe kudwala, ndiye bungwe la WHO limadikira masiku 42, omwe ndi 21 kawiri, kuchokera pomwe wodwala womaliza waikidwa m'manda kapena wapezeka wopanda kachirombo, lisadalengeze kuti mliri watha. Wotseka chipatala masiku amenewa asadakwane akutchova juga ndi miyoyo ya anthu. Koma kusunga mabedi 250 opanda kanthu nakonso kumadya dizilo, madzi, klorini ndi malipiro a anthu mazana omwe akufunika kwina. A MSF adatseka pang'onopang'ono. Pa chipatala chawo china cha Ebola ku Foya, m'boma la Lofa ku Liberia komweko, adachoka mu Disembala 2014 odwala atasiya kubwera. Ku ELWA 3 adayamba ndi kugwetsa matenti ena, nasiya gawo laling'ono lili chilili, madzi akutuluka m'mipope, ogwira ntchito ali pa zigawo zawo. Zomwe zidatsatira zidaonetsa kuti adachita bwino. Mu Malichi 2015, dziko litakhala masabata angapo lopanda wodwala watsopano, mayi wina ku Monrovia adadwala n'kumwalira. Pa 9 Meyi Liberia idalengezedwa kuti ilibenso Ebola, koma kumapeto kwa Juni matendawa adapezeka mwa mnyamata wa zaka 17 yemwe adamwalira m'boma la Margibi. Mu Novembala adabukanso ku Paynesville komweko, ndipo chilengezo chomaliza chidadza mu Juni 2016.

Tayerekezani ndi zomwe zidachitika pa malo omwewo a ELWA kumapeto kwa Julayi 2014. Dr Kent Brantly wa bungwe la Samaritan's Purse ndi Nancy Writebol wa mishoni ya SIM atatenga matendawa, ogwira ntchito ambiri ochokera kunja adachotsedwa mwadzidzidzi, odwala ali pa mabedi. Palibe angawadzudzule pofuna kupulumutsa anthu awo, koma katundu yense adagwera madokotala ndi anamwino a ku Liberia, omwe pa ELWA 2, chipatala china cha Ebola pa malo omwewo, adatsogozedwa ndi Dr Jerry Brown. Mbali inayi kuli zipatala 11 zomwe asilikali a America adamanga: zidatha kumangidwa mliri ukuzilala kale, ndipo zisanu ndi zinayi mwa izo sizidalandire wodwala Ebola ngakhale mmodzi. Chipatala chobwera mochedwa chotere chimafunabe alonda, chimafunabe kuphwasulidwa, ndipo ndalama zake zikadatha kulipira anamwino zaka zingapo.

Tsopano kuphwasula kwenikweniko. Ambiri amaganiza kuti kuli ngati kugwetsa chisakasa maliro atatha, ntchito ya m'mawa umodzi. Ayi. Chipatala cha Ebola chimagawidwa ndi mipanda iwiri ya pulasitiki kukhala mbali yoopsa, komwe kumagona odwala, ndi mbali yoopsa pang'ono, komwe kuli sitolo, kochapira ndi kovalira. Chilichonse cholowa mbali yoopsa sichituluka chisadayeretsedwe, ndipo chosayeretseka chimaotchedwa komweko. Wodwala womaliza amatuluka magazi ake atayezedwa n'kupezeka opanda kachirombo, amasamba ndi madzi a klorini wosalimba, zovala zake zimapita ku moto, amavala zatsopano kunja kwa mpanda. Akangotuluka ndiye oyeretsa amalowa, atavala zonse monga mmene ankavalira odwala alipo: ovolosi, epuloni, magolovesi awiriawiri, majombo, chophimba mutu ndi magalasi. Amalowa awiriawiri kuti aziyang'anirana. M'kutentha kwa Monrovia munthu sapirira m'zovala zimenezi kupitirira ola limodzi, ndiye ntchito yomwe akalipentala wamba akadaimaliza tsiku limodzi imatenga masiku angapo. Ngozi yaikulu pa nthawi imeneyi ndi kutayirira. Tenti ilibe odwala, mantha atha, munthu akufuna kumaliza, ndiye msomali umaboola golovesi kapena singano yoiwalika pansi pa bedi imabaya chala.

Klorini amasungunulidwa mitundu iwiri. Wolimba, wa 0.5 peresenti, ndi wa pansi, makoma a tenti, mabedi, ndowa ndi majombo. Wosalimba, wa 0.05 peresenti, ndi wa m'manja ndi pakhungu. Ndi ufa wa klorini wotchedwa HTH wa 70 peresenti, wolimba uja amafuna masupuni aakulu khumi m'malita 20 a madzi, wosalimba supuni imodzi m'malita 20 omwewo. Azaumoyo omwe adagwirapo m'misasa ya kolera kwathu kuno amaudziwa bwino ufa umenewu ndi fungo lake. Ukasungunula umadikira theka la ola kuti zotsalira zikhazikike pansi, apo ayi mpope wopopera umatsekeka. Madziwo amakonzedwa tsiku ndi tsiku ndipo amavundikiridwa, chifukwa dzuwa limawasukulutsa. Cholakwika chofala kwambiri ndi kupopera pamwamba pa zonyansa. Magazi ouma, masanzi ndi chimbudzi zimadya mphamvu ya klorini asadafike pa kachirombo, choncho zoyamba ndi kuzichotsa ndi kutsuka ndi sopo, kenako kupopera, kenako kusiya chinyezi kwa mphindi zosachepera khumi. Ntchito imayambira ku tenti ya oganiziridwa chabe, kupita ku ya odwala otsimikizika, kumalizira ku nyumba ya mitembo, osati chobwerera.

Kenako pamabwera kusankha chopulumuka ndi chopsa. Zitsulo za tenti, mabedi achitsulo, mipando ya pulasitiki yolimba ndi matanki zimayeretseka, koma ziyenera kutsukuluzidwa ndi madzi wamba pambuyo pake chifukwa klorini amadya chitsulo, dzimbiri limagwira m'masabata ochepa. Matiresi omwe pulasitiki yake yang'ambika, mabulangete, matabwa, mapepala ndi malona a pansi zimamwa madzi, ndiye zimapsa. Zithunzi za Januwale 2015 zimaonetsa amuna ovala zoteteza akuponya zinthu zotere pa moto waukulu mkati mwa mpanda wa ELWA 3. Kuyamba mwezi umenewo kudali kwanzeru, popeza ndi nyengo yopanda mvula, pomwe Monrovia ndi umodzi mwa mizinda ya mvula yambiri padziko lonse ndipo ikayamba mu Meyi imagwa mpaka Okutobala. Zinthu zonyowa ndi klorini sizigwira moto msanga, zimafuna dizilo, ndipo utsi wa pulasitiki ndi woipa m'chifuwa. Apa ndi pomwe njira ya matenti ili ndi chilema chenicheni: moto wa m'dzenje sutentha mokwanira ngati ng'anjo yomangidwa bwino, ndipo oyandikana nawo amapuma utsiwo. Atsogoleri a m'dera ayenera kuuzidwa tsiku ndi ola lootcha, chifukwa utsi wakuda wotuluka pa chipatala cha Ebola, mu mzinda momwe boma lidalamula kuti mitembo iziotchedwa, umabala mphekesera nthawi yomweyo.

Zotsala m'nthaka ndi zomwe zimakhalitsa. Dzenje la chimbudzi limafunika kukhala mamita 30 kuchokera pa chitsime, ndipo pansi pake pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi a m'nthaka. Ku Monrovia, komwe madzi ali pafupi, lamulo lachiwirili ndi lovuta kulikwaniritsa. Potseka, m'dzenje amathiramo layimu n'kukwirira ndi dothi lokwana theka la mita kapena kuposerapo. Dzenje la singano ndi magalasi osweka silikwiriridwa ndi dothi lokha, limatsekedwa ndi simenti. Dzenje la phulusa nalo limakwiriridwa. Ndipo pamafunika mapu osonyeza dzenje lililonse, operekedwa kwa mwini malo ndi ku unduna, chifukwa pakatha zaka zisanu wina adzafuna kukumba maziko kapena chitsime pamenepo, udzu utamera, zikwangwani zitazulidwa. Malangizo a WHO a kaphwasulidwe ka zipatala za Ebola adatuluka mu Malichi 2015, ntchito ya ku ELWA 3 itayamba kale, kutanthauza kuti oyamba kuphwasula ankadalira luso lawo la m'miliri yakale ya ku Congo ndi Uganda.

Alonda ndi anthu omaliza kuchotsedwa ntchito, ndipo bungwe lofuna kupulumutsa ndalama pa iwo silikudziwa chomwe likuchita. Lona, thabwa ndi lata ndi chuma kwa munthu wosauka. Mu Ogasiti 2014 anthu adathyola malo osungirako odwala ku West Point, dera lina la mu Monrovia, n'kunyamula matiresi ndi nsalu zamagazi kupita nazo m'nyumba. Malo otsekedwa mwatheka, opanda mlonda, amaitana zomwezo.

Katundu wa mbali yoopsa pang'ono ija ali ndi mavuto akeake, ndipo apa ndingodutsa mwachangu. Mankhwala opereka ngati mphatso amayenera kukhala ndi chaka chathunthu asadathe mphamvu, apo ayi mwangosamutsira zinyalala ku sitolo ya boma. Mankhwala oletsa ululu ngati morphine amawerengedwa limodzilimodzi, anthu awiri akusaina. Za mufuriji zimafuna madigiri 2 mpaka 8 mpaka tsiku loperekedwa. Jenereta imafuna oyilo watsopano ikayenda maola pafupifupi 250, ndiye kuipereka popanda mafyuluta, popanda makaniko woidziwa ndi popanda ndalama za dizilo n'kupereka chitsulo chongodzaza malo. Galimoto zolowa popanda msonkho sizingangoperekedwa, a kasitomu amafuna mapepala awo. Makompyuta amafufutidwa maina a odwala asadasinthe manja. Kaundula wa katundu akakhala wosokonekera, nthawi yotseka ndi yomwe zinthu zimasowa. Mu 2017 bungwe la Red Cross lidavomera lokha kuti ndalama pafupifupi madola 6 miliyoni za ntchito ya Ebola zidabedwa kudzera m'mitengo yokwezedwa, malipiro a anthu omwe kulibe ndi mapepala abodza a msonkho.

Mapepala a odwala ndi nkhani yomvetsa chisoni. Pepala lolembedwa mbali yoopsa silituluka. Namwino ankaima pa mpanda n'kumawerenga mokweza kutentha kwa thupi ndi mankhwala operekedwa, mnzake kunja akulemba, kapena pepala linkajambulidwa chapatali lisadaotchedwe. M'miyezi ya chipwirikiti zambiri zidatayika motero. Zotsatira zake zimaoneka potseka: banja likufuna kudziwa tsiku lomwe m'bale wawo adamwalira ndi komwe thupi lidapita, wochira wataya chikalata chake ndipo akufuna umboni kuti alandire thandizo. Bungwe likanyamuka ndi kaundula wake kupita naye ku malikulu ake ku Brussels kapena ku Geneva osasiya wina ku unduna, anthu amenewa alibe kofunsa. Magazi oyezedwa nawonso ambiri adatumizidwa ku malabotale a kunja, ndipo funso la mwini wake lidavuta kwa zaka.

Chomwe ndimawayamikira kwambiri a MSF ndi chomwe adatsegula pomwe ankatseka. Ebola isadabwere, Liberia idali ndi madokotala pafupifupi 50 okha pa anthu oposa 4 miliyoni, ndipo mliriwu udapha azaumoyo pafupifupi 190. Zipatala zambiri zidatsekedwa kapena zinkakana aliyense wotentha thupi. Ana adasiya kulandira katemera, chikuku chidabuka mu 2015, malungo ankapha ana pakhomo chifukwa amayi ankaopa chipatala. Mu Malichi 2015, ELWA 3 isadaperekedwe, a MSF adatsegula chipatala cha ana ku Bardnesville Junction mu Monrovia, chokhala ndi malo osankhira odwala pakhomo kuti mwana wotentha thupi asabwezedwe komanso asaike ena pangozi. Chidagwira ntchito kwa zaka zingapo ndipo pambuyo pake adaonjezera maopaleshoni a ana. Uku ndiye kuwerenga bwino zosowa za mzinda. Kudathandizanso kuti anamwino ena ophunzitsidwa kale za ukhondo wa Ebola apeze kopita.

Koma si onse adapeza kopita. Chipatala cha mabedi 250 chimalemba anthu mazana, ndipo ambiri mwa iwo si anamwino: ndi opopera klorini, ochapa majombo ndi magolovesi, onyamula mitembo, akalipentala, ophika, alonda. Anthuwa ndi omwe ankagwira zoopsa koposa, ndipo a MSF eni ake adataya anzawo 14 m'mliriwu m'maiko atatu a Guinea, Sierra Leone ndi Liberia. Kutseka koyenera kumafuna kuwauza kudakali mwezi wathunthu, kuwapatsa ndalama zothetsera ntchito malinga ndi lamulo la dzikolo, kalata yosonyeza ntchito yomwe ankagwira, ndi kuwayeza kutentha kwa thupi masiku 21 kuchokera pa tsiku lomaliza kulowa mbali yoopsa, akulipidwabe. Zonsezi zikachitika, vuto limatsalabe. Boma lilibe malo a opopera klorini pa mndandanda wake wa malipiro, ndipo namwino yemwe wazolowera malipiro a bungwe sakhalitsa pa a boma. Kalata yolembedwa kuti munthu adagwira ntchito ku chipatala cha Ebola inkatseka zitseko m'malo mozitsegula, ena adathamangitsidwa m'nyumba za lendi. Ogwira ntchito m'zipatala za Ebola za boma adachita zionetsero mu 2015 kufuna ndalama zawo za ukadziotche zomwe sadalandire. Anyamata omwe ankaotcha mitembo ku Marshall, kunja kwa Monrovia, adasalidwa ndi abale awo omwe. Mlendo amakwera ndege, amakhala masiku 21 pafupi ndi chipatala kwawo, amapeza womulangiza za nkhawa zake. Mnzake wa ku Paynesville amabwerera m'dera lomwe likumuopa.

Pa ochira ndi pomwe ndemanga ino ikutsitsa mapointi kwambiri. Pa ELWA 3 padali khoma lomwe aliyense wotuluka wamoyo ankadindapo dzanja lake ndi utoto. M'maiko atatu a Guinea, Sierra Leone ndi Liberia, momwe anthu oposa 28,600 adadwala ndipo oposa 11,300 adamwalira, ochira adaposa 10,000. Ambiri adatsala ndi kuphwanya kwa mfundo, mutu wosatha, kutopa, kuvutika maganizo, ndi kutupa kwa m'kati mwa diso komwe kukachedwa kuthandizidwa kumachititsa khungu. Dr Ian Crozier, yemwe adadwalira ku Kenema ku Sierra Leone, adapezeka ndi kachirombo kamoyo m'diso miyezi itapita magazi ake atayera. Mayi wa mu Malichi 2015 uja adatenga matendawa kwa mwamuna wochira, yemwe umuna wake udali ndi zizindikiro za kachirombo patatha masiku 199 chiyambire kudwala. A MSF adatsegula kiliniki ya ochira ku Monrovia kumayambiriro kwa 2015, ndipo adachita bwino kutero. Koma pofika kumapeto kwa 2016 ntchito zawo zonse za ochira m'maiko atatuwo zidali zitatsekedwa kapena kuperekedwa ku maboma omwe adalibe madokotala a maso ndi a maganizo okwanira.

Salome Karwah adachirira pa ELWA 3 makolo ake onse awiri atamwalira ndi Ebola, n'kubwerera kudzagwira ntchito pomwepo yosamalira ndi kulimbikitsa odwala. Nkhope yake idali pa chikuto cha magazini ya Time kumapeto kwa 2014. Mu Febuluwale 2017 adamwalira patangopita masiku ochepa atabereka mwa opaleshoni, ndipo abale ake adanena kuti azachipatala adazengereza kumugwira atadziwa kuti adadwalapo Ebola. Apa n'kuti kiliniki ya ochira itangotsekedwa kumene. Mayi woyembekezera yemwe adachira amafunika chipatala chodziwikiratu chomwe chavomera kumulandira, azamba ophunzitsidwa, ndi zovala zoteteza zili pashelefu kuti mantha asakhale chifukwa chomusiyira pabenchi. Zimenezi zimayenera kulembedwa m'pangano loperekera ntchito, ndi dzina la chipatala ndi ndalama zake, bungwe lisadanyamuke.

Mu Febuluwale 2021 Ebola idabukanso ku Gouécké, kufupi ndi N'Zérékoré ku Guinea, ndipo kuyeza kudaonetsa kuti kachiromboko kadali ka mliri wakale womwe uja, komwe akatswiri akuganiza kuti kadabisala m'thupi la wochira kwa zaka zosachepera zisanu. Masiku 42 ndi okwanira kugwetsera matenti, koma sakwanira kutsekera kiliniki ya ochira. Unduna uliwonse womwe ukulandira chipatala chotere kuchokera ku bungwe lakunja uzifunsa, usadasaine, kuti ndani aziyeza umuna wa amuna ochira ndi kuwapatsa makondomu mpaka zotsatira ziyere kawiri, ndani aziona maso awo, ndi kuti katemera wa Ebola wotchedwa Ervebo, yemwe adavomerezedwa mu 2019, azisungidwa kuti ndi kwa ndalama za yani.